Nsalu Zimene Dayitoni Anamasula

Dayitoni Khoviwa, mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, ndiye anandilakwira. Ndayamba ndi dzina lake dala, kuti wina asadzanene kuti ndinkazungulira. Akafuna akandisumire kulikonse, ndikanenanso zomwezi.

Ine ndine Labisoni Mulotha, wa kunsi kwa phiri la Mulanje. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Ntchito yanga ndi kusenza zikwama za alendo okwera phiri, ndipo ndaigwira zaka 19. Njira zonse za m'phirimo zili m'miyendo yangayi. Koma chiphaso cha gaidi, munthu wotsogolera alendo uja, anandikaniza kawiri. Akuti Chingerezi. Ndiye agaidi a Folomu 4 amayenda patsogolo manja ali m'thumba, kumatchula mayina a maluwa, ine pambuyo ndi makilo 25 kumsana, kumawanong'oneza kuti, "Khoterani kumanzere bwana, uko n'kuphompho." Dayitoni ndi mmodzi wa agaidi otero.

Mwezi wa Meyi kunabwera mayi wina wa ku Blantyre, Mayi Matewere, wa bungwe lokonza mipikisano yothamanga. Anatisonkhanitsa pabwalo ku Likhubula. Anati mu Julaye kudzakhala mpikisano umene sunachitikepo kuno: kunyamuka 4 koloko madzulo, kukwera phiri, kuthamanga pamwamba pake usiku wonse, n'kutsikira mbali ina kukucha. Mu Julaye! Nthawi imene madzi ukawasiya m'poto kumtundako umawapeza m'mawa atauma gwa. Kudzabwera othamanga a ku Joni ndi ku Kenya. Ife eni dera anatipatsa malo khumi. Loweruka lomaliza la Juni padzakhala usiku woyeserera, ndipo anthu khumi oyamba kufika 6 koloko ya m'mawa isanakwane adzalandira nambala.

"Ndipo aliyense wa inu amene adzamalize mpikisano weniweniwo," anatero mayiwo, "tagwirizana kale, adzapatsidwa chiphaso cha gaidi."

Ndinaimirira. "Popanda Chingerezi?"

Anthu anaseka.

"Popanda Chingerezi, bambo. Miyendo yokha."

Abale anga, ndinavina pomwepo. Munthu wa zaka 43 kuvina pabwalo popanda ng'oma! Kunyumba ndinapita chothamanga, ndipo ndinamupeza mkazi wanga Esinala akusenda chinangwa. Ndinamunyamula ndi mpeni womwe m'manja.

"Abambo a Tiyese, mwamwa?"

"Sindinamwe. Ndakhala gaidi!"

"Nditsitseni kaye agaidi, chinangwa chikuda."

Kukonzeka kwake kunali kokoma kuposa Khirisimasi. Ndinkadzuka 3 koloko, kuthira mchenga m'chikwama, n'kumathamanga m'mizere ya tiyi mpaka mame atandinyowetsa m'chiuno. Alonda a esiteti poyamba ankandiyesa wakuba, kenako anazolowera, ankangokuwa, "Limba mdala!" Nsapato ndinazipeza pa kaunjika pa Chitakale, yakumanja yaikulu pang'ono, ndinaikamo thonje. Nzeru yolimbana ndi chisanu ndinali nayo kale: sokosi, kenako jumbo ya shuga, kenako sokosi ina. M'manja namonso sokosi. Kumaso mafuta a Vaselini ambiri mpaka kunyezimira ngati chitumbuwa. Esinala anadula bulangete lathu lofiira n'kundisokera jekete lokhala ndi thumba mkati, loikamo mtedza wokazinga, mbatata yootcha ndi kamchere. Tochi ya pamutu ndinabwereka kwa mlonda wa tchalitchi. Madzulo ndinkavala zonsezi n'kumayendayenda pabwalo, anthu a m'mudzi kumaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinalibe nazo ntchito. Mtima unkangogunda ngati ndikukafunsira mbeta.

Njira ya mpikisano inayenera kuikidwa zizindikiro, timaliboni tija timawala ukatiunika ndi tochi, kuti munthu asasochere m'nkhungu. Ntchito yomanga timaliboniti anampatsa Dayitoni, poti amadziwa kunena "yesi madamu" mokoma. Anampatsa chithumba chodzaza. Patangopita masiku awiri ndinatsikira pa Chitakale madzulo, ndipo ndinaona njinga za kabaza pafupifupi zonse zikuwala kumbuyo, waliwali.

"Alamu," ndinamufunsa, "kodi njinga za pa Chitakale nazonso zalowa mpikisano?"

"Alamu, inu zanu n'zothamanga. Za maliboni siyirani ophunzira."

Ndinangoseka. Ine ndine mkamwini, ndimakhala pamalo pa akuchikazi, nyumba yanga ndi yake zayang'anizana. Mkamwini amasankha zokangana.

Dayitoni anakwera Lolemba kukamanga, anatsika Lachiwiri usiku. Lachitatu m'mawa kamchere kanga ka m'jekete kanasowa. Ndinakalipira Esinala, iye analumbira kuti sanakhudze. Tinamanga kena. Lachinayi kanasowanso, ndipo mtedza unachepa ngati wina watapako dzanja limodzi. Makoswe satapa mwaulemu choncho. Galu wathu, amene ankanditsatira tsiku lililonse, anayamba kulekezera pamtsinje, kumangoyang'ana kuphiri mchira uli pakati pa miyendo.

M'bandakucha wa Lachisanu, ndikuthamanga m'tiyi muja, ndinakumana ndi bambo atasenza thabwa lalitali pamutu. Wopanda nsapato, kabudula wa kaki wa kalekale. Ndinadabwa, chifukwa njira imeneyo anthu anasiya kalekale kutsitsirako matabwa a mkungudza. Ndinapatuka kuti adutse.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Iye anangoti, osatembenuza mutu, "Kodi atisamutsira kuti?"

Ndinati ameneyu walawirira kachasu. Koma fungo la mkungudza wongocheka kumene linakhala m'mphuno mwanga mpaka masana. Tsiku lomwelo amayi otola nkhuni anabwerako msanga, mitolo yosakwana, ndipo titawafunsa anangoti kumtunda kwachuluka anthu. Anthu ati, iwo osanena. Zonsezi ndinazimva, koma mutu wanga unali pa Loweruka. Munthu ukamasangalala makutu amagontha.

Loweruka tinalipo 23, kulimbirana malo khumi. Mudzi wonse unabwera. Amayi nthungululu, wina anabweretsa wezulo ya mpira. Esinala anandikoka khutu nati, "Mukabwere ndi jekete langa lili lonse." Mayi Matewere anakweza dzanja, n'kulitsitsa, ife liwiro!

Anyamata anayamba ngati akuthawa njuchi. Ine ndinawasiya. Phiri ndimalidziwa, limadya othamangira. Pofika pa chitunda chachiwiri ndinayamba kuwatola mmodzimmodzi, ena atagwira mawondo, wina akusanza thobwa. Dzuwa linalowa tili pamwamba, ndipo mphepo inabwera ngati yatuluka m'firiji ya sitolo. Ndinayatsa tochi. Eee, timaliboni tija! Timangoti phethi phethi kutsogolo ngati maso a amphaka, kukuitana. Popanda chikwama kumsana ndinkadzimva ngati ndilibe thupi. Ndinkadumpha miyala ndikuimba nyimbo za kwaya. Pa nyumba ya alendo ya pa Chambe panali munthu wolemba mayina ndi ketulo ya tiyi. Anandiunika nati, "Mdala, ndinu woyamba!" Ndinamwa tiyi choimirira, ndikuseka ndekha. Wachiwiri anali Fanuelo, mnzanga wosenza naye zikwama, koma tochi yake inali kutali kumunsi.

Cha m'ma 12 chiperoni chinatsika. Amene simunakwerepo simungamvetse. Nkhungu yake imanyowetsa popanda mvula, ndipo tochi imangounika khoma loyera pamphuno pako. Udzu unkaphwanyika pansi pa nsapato, khirichi khirichi, chisanu chitaugwira. Apa liboni ndiye moyo wako. Ukaliphonya, kumanja kuli phompho limene mwala ukauponya sumva pamene wagwera.

Ndiye maliboni owala anatha.

Ndinaima, kuunika uku ndi uku. Patsogolo pang'ono, pa kamtengo, panali kansalu koyera, kosawala, kakungolendewera. Ndinati, ohoo, maliboni anathera pa njinga, mlamu wang'amba malaya ake. Ndinaseka n'kupitirira.

Nditadutsa kansalu kaja ndinamva mapazi kumbuyo. Ndinati Fanuelo wandipeza.

"Wabwera, mbuzi iwe? Tiye tione!"

Ndinawonjezera liwiro, nayenso anawonjezera. Pa nsalu yachiwiri mapazi anakhala a anthu awiri. Pa yachitatu, atatu. Ndikuuzeni zoona, sindinaope. Ndinasangalala! Mpikisano umakoma anzako akamakupumira m'khosi. Ndinathamanga usiku umenewo kuposa tsiku lina lililonse m'moyo mwanga. Tinkatsika m'zigwa limodzi, kukwera limodzi, phazi langa likagunda pansi awonso agunda, ngati gule. Ndinkakuwa, "Tiyeni anyamata! Akaone a ku Kenya!"

Pa nsalu yachisanu m'pamene ndinazindikira kanthu kena. Nsapato pamwala imalira kuti gu. Awa ankamveka phwa, phwa, phwa. Mapazi opanda nsapato. Ndipo munthu akakhala kumbuyo kwako ndi tochi, chithunzithunzi chako chimagwa kutsogolo. Kutsogolo kwanga kunalibe chithunzithunzi. Kuwala kunali kwanga kokha.

Sindinacheuke. Wobadwira kunsi kwa phiri sacheuka usiku.

Pa nsalu yachisanu ndi chiwiri miyendo inangoima yokha. Nawonso anaima. Kunali zii, koma zii wa m'chipinda chodzaza anthu. Fungo la mkungudza lija linabweranso. Ndinaunika nsaluyo pafupi. Inali yakale, yachita nkhungu m'mbali. Inali ndi mabowo atatu a mabatani, ndipo bowo lapakati linasokedwa ndi ulusi wakuda.

Ndinaidziwa. Linali bulauzi la Mvano la malemu mayi anga.

Mkulu wanga Witinesi anakwera phiri mu 1997 kukasenza matabwa, chiperoni chinatsika, sanabwererenso. Tinafunafuna milungu itatu, ngakhale chipewa osachipeza. Tsono m'midzi yathu itatu ya mbali ino tili ndi kachitidwe kathu. Munthu akasowa m'phiri osapezeka, chaka chikatha abale amakwera kupita ku mtengo wina wakale uli m'khwawa, kuseri kwa njira, n'kumangapo nsalu yoyera. Amamuitana dzina n'kumuuza kuti, "Khala pano." Ndiwo manda ake. Nsalu zimenezo sakhudza munthu, ngakhale mwana amadziwa. Mayi anga analibe nsalu ina yoyera, anang'amba bulauzi lawo la kutchalitchi, ine ndikuona. Dayitoni, maliboni atamuthera, anaona kuti kutsika kukatenga ena n'kutali. Anapita pamtengo paja n'kumasula anthu.

Kenako, pafupi ndi khutu langa lamanzere, wina analankhula motsitsa, ngati munthu wotopa.

"Labi. Tikutsata iwe."

Dzina limenelo ankandiitana munthu mmodzi yekha.

Ndinayang'ana wotchi: 1 koloko kudutsa pang'ono. Kutsika mpaka kumapeto kunali maola anayi, ine ndinali nawo pafupifupi asanu, ndiponso ndili woyamba. Chiphaso chinali m'manja mwanga, ndinkachimva ndithu. Kupita kumtengo ndi kubwerako, maola atatu, osawerengera kutolera nsaluzo. Sindinapite patali kusukulu koma samu imeneyo ndinaikhoza.

Ndinatukwana. Ndinatukwana Dayitoni, njinga za pa Chitakale, ndi Chingerezi chomwe. Ndinayamba kuthamanga kulowera kumapeto, mamita mwina makumi awiri, ndipo onse ananyamuka nane, phwa phwa phwa. Ndinaganiza: ndikatsika nawo, akathera kuti? Pakhomo panga, pamene pagona Esinala ndi mwana wathu Tiyese. Ndinaganizanso za mayi anga, amene anamwalira mtima uli m'malo poti mwana wawo ali ndi pokhala.

Ndinabwerera.

Koma kuchotsa nsalu zokha kunali kupha anthu 22 amene ankabwera m'nkhungu muja. Ndinavula jekete la Esinala, n'kuyamba kuling'amba ndi mano. Ndikamasula yoyera, ndimange yofiira. Zala zinkakana, mfundo zina ndinkamasula ndi mano omwewo, nsalu ikundizizira pakamwa ngati chitsulo. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka yoyamba ija, kenako kutsogolo. Ndili pa yachinayi, tochi inatulukira m'nkhungu. Anali Fanuelo.

"Mdala, mukutani? Mukuchotsa zizindikiro?"

"Thamanga, tsata zofiira."

"Koma mdala..."

"Ndati thamanga! Usaime pano."

Anandiyang'ana, anayang'ana kumbuyo kwanga, n'kuthawa. Mpaka lero amakana kuti sanaone chilichonse kumbuyo kwangako. Ena anadutsanso, ndinkawawerenga. Wachikhumi atadutsa ndinasiya kuwerenga.

Nsalu zinakwana khumi ndi imodzi. Ndinaziika pachifuwa, mkati mwa malaya, n'kupatuka kulowa m'khwawa. Jekete linali litatha, ndinatsala ndi kolala yokha. Kuzizira kwake sindingakufotokoze. Mano ankagundana mpaka ndinaluma lilime. Iwo ankabwera pambuyo, tsopano mosathamanga, mwandondomeko ngati anthu opita kumaliro. Pena ndikaphonya njira, mapazi ankaima, osanditsata, mpaka nditabwerera poyenera. Ndani ankatsogolera mnzake, sindikudziwa.

Mtengo ndinaupeza uli mbulanda. Pa nthambi pankaoneka mizere yotuwa pamene panali nsalu zaka zonsezi. Ndinayamba kumanga. Mayina ena ndinkawadziwa, ena ayi, ndinkangoti, "Pepani, khalani pano." Ndikamanga imodzi, kumbuyo kwanga kunkapepuka pang'ono, ngati munthu wakhala pansi. Ya mayi anga ndinamalizira. Ndinaimanga mfundo ziwiri.

"Achimwene, khalani pano. Ine ndikupita."

Fungo lija linachoka.

Kenako ndinaunika nthambi bwinobwino n'kuwerenga mizere yotuwa. Inalipo khumi ndi inayi. Itatu inali yopanda kanthu. Nditanyamuka, mapazi ananyamukanso. Ochepa, koma analipo. Ananditsata mpaka kunja kutayamba kuyera.

Kumapeto ndinafika hafu 10, nditavala malaya okha, milomo itang'ambika, zala ziwiri za dzanja lamanzere zitayera ngati kandulo. Anthu 22 onse anali atafika amoyo, palibe anasochera. Ndinkayesa wina andifunda bulangete. M'malo mwake ndinapeza bwalo la milandu. Mayi Matewere anali ndi buku m'manja, Dayitoni ataima pambali pawo, atavala jekete labwino.

"Bambo Mulotha, akuti munkachotsa zizindikiro za njira. N'zoona?"

"Ndinachotsa nsalu za anthu akufa, mayi. Ndinaikapo zina."

Mayiwo anatembenukira kwa Dayitoni. Apa ndi pamene panali poti munthu anene mawu amodzi okha. Ndinamuyang'ana m'maso. Iye anayang'ana buku.

"Madamu, ine ndinamanga maliboni owala njira yonse. Za nsalu sindikuzidziwa. Alamu angawa ndi ansanje, anataya maliboni kuti anzawo asochere, kenako anasochera okha." Anawonjezeranso zina m'Chingerezi, mayiwo n'kumagwedeza mutu.

"Nanga maliboniwo ali kuti, bambo?"

"Ali pa njinga pa Chitakale!"

Anthu anaseka. Amene ankadziwa za mtengo uja sanaseke, koma sanalankhulenso, anangoyang'ana pansi. Ndani angatsutse mwini mbumba chifukwa cha mkamwini? Fanuelo atafunsidwa anati anandionadi ndikumasula. Sananame. Mayi Matewere analemba m'buku muja kuti ndisadzalowenso mpikisano wawo uliwonse.

Usiku wa mpikisano weniweni ndinakhala pakhonde. Kunalibe nkhungu, ndipo matochi ankaoneka pamwamba pa phiri, mzere wautali ukuyenda pang'onopang'ono. Kunali kokongola, sindinama. Fanuelo anamaliza, pano ndi gaidi. Sabata yatha ndinamusenzera chikwama cha mlendo wake.

Nsalu zitatu zija Esinala anaziona. Zili m'nyumba mwa mlongo wake, anatsekera mpata wa pawindo kuti mphepo isamalowe. Kuyambira Juni, usiku uliwonse pabwalo pathu pamayenda anthu. Amazungulira nyumba yake, n'kudzaima pakati pa nyumba ziwirizi, kenako kuzunguliranso. Mchere sukhalitsa m'nyumba zonse ziwiri. Galu anasamukira kwa aneba. Dayitoni amati ndi mbuzi, koma anagula loko wachiwiri, ndipo waonda.

Esinala amandichonderera. "Abambo a Tiyese, ndikazitenge ine mwakachetechete, inu mukazimange. Njira mukuidziwa."

Ndimakana. Ndasenza katundu wa anthu ena zaka 19, uyu yekha ayi. Anamasula yekha, akwere yekha. Akafuna womuperekeza ndidzamuperekeza, ine patsogolo, iye pambuyo atanyamula. Koma ayambe waima pabwalo la ku Likhubula, pamaso pa anthu omwe aja, anene m'Chichewa chimene anachita.

Zala zanga ziwiri sizimva kanthu mpaka pano. Dayitoni ali ndi ngongole ya nsalu zitatu kuphiri ndi mawu amodzi kwa ine. Sanabweze chilichonse.